Juzi Imene Ndinamasula Osafunsa

Ndinayamba kuluka chifukwa manja anga anali achangu kumenya. Ndikunena poyera, pakuti ana anga anakula ndipo amadziwa. Tinafika ku Mangochi ndili ndi ana atatu, wamkulu asanakwanitse zaka zisanu, wamng'ono akadali kumsana. Bambo awo ankagwira ntchito pa hotela ina ku Makokola, ndipo ankabwera kamodzi pa sabata, nthawi zina kudumphitsa, atatopa, akununkhira sopo wa alendo. Masiku ena onsewo ndinkakhala ndekha m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika, pansi pa malata otentha, ndi ana amene ankalira mosinthana ngati anachita kupangana.

Kwathu ndi ku Dedza, kumene kuluka si nkhani. Ndinaphunzira ndili mtsikana kwa amayi a kumpingo, nditakwatiwa n'kusiya. Ndinayambiranso tsiku limene ndinakwapula mwana wanga wamkulu ndi mthiko chifukwa chokhuthula mchere pansi, m'mawa mwake n'kuona mkwingwirima pantchafu pake. Mwanayo sanandisungire mkwiyo. Anabwera kudzakhala pamiyendo panga ngati palibe chachitika, ndipo n'zimene zinandipweteka koposa. Ndinapita kwa wokonza njinga pafupi ndi mlatho, ndinapempha masipoko awiri otha ntchito, ndinawanola pamwala, kenaka ndinamasula juzi yanga yakale kuti ndipeze ulusi.

Kuluka kumafuna kuwerenga, ndipo munthu sungakalipe bwino uku ukuwerenga. Mwana akagwetsa mbale, ndinkadziuza kuti ndimalize kaye mzere uwu ndiye ndidzuke. Pofika kumapeto kwa mzerewo mtima unkakhala utatsika, mwana atatola yekha mbale ija. Ndinapeza mtendere wanga pamenepo, pakhonde, masana, wamng'ono akagona ndipo awiri enawo akusewera m'fumbi pamaso panga.

Anzanga apamdadada anandiseka poyamba. Eni nyumba yathu anali mayi wachisilamu wogulitsa nsomba zouma, wamawu akuluakulu, amene tonse tinkangowatchula kuti alandilodi. Iwo ndiwo ankatsogolera kundiseka. Ankati adona a ku Dedza afuna kutiphikira ana m'majuzi, kuno kumene ngakhale nkhuku zimayenda zitatambasula mapiko chifukwa cha dzuwa. Koma mwezi wa mwera utafika, mphepo ikulowa pansi pa zitseko, kuseka kunachepa. Ndiponso palibe mayi, kaya wa ku Dedza kaya wa kunyanja, amene amafuna kupita ndi khanda lake kusikelo lopanda kachipewa ndi timasokosi. Choncho anayamba kundibweretsera majuzi awo akale kuti ndizipezamo ulusi.

Kabweretsedwe kake n'kamene kanadzandipalamulitsa. Ndinali ndi dengu pakhonde, pafupi ndi chitseko. Mayi aliyense amachita manyazi kuonetsa nsanza za m'nyumba mwake, ndiye ankangodutsa ngati akupita kumpopi, n'kuponyamo juzi yong'ambika osanena kanthu, ine n'kunamizira kuti sindinaone. Wina akabereka pamdadada paja, ndinkaluka kachipewa ndi timasokosi n'kukapereka. Palibe anakhazikitsa lamulo, koma tonse tinkalidziwa: cholowa m'dengu chatha ntchito, n'chomasula. Sizinandibwerere m'mutu kuti pangakhale munthu wosalidziwa.

Zinali zaka zimene nkhondo inavuta ku Mozambiki. Othawa kwawo ambiri anakhala kumisasa ndi m'midzi ya kumalire, cha ku Namwera, koma ena ankatsika phiri, kuwoloka mlatho n'kulowa m'boma kudzafuna maganyu. Sindinamize, sindinkawakonda kwenikweni. Ndinkadandaula nawo limodzi ndi anzanga kuti nkhuni zasowa chifukwa cha iwo, kuti mzere wa kuchipatala watalika chifukwa cha iwo. Ndinkawamvera chisoni ndikawaona patali, koma sindinkafuna kuti chisonicho chifike pakhonde panga.

Mmodzi wa iwo anafika mpaka pabwalo pathu. Alandilodi anamulola kugona m'kanyumba kosungiramo nsomba, iye n'kumawasankhulira usipa ndi kuwatungira madzi. Anali mayi wowonda, wamsinkhu wanga, wolankhula Chiyao, Chichewa chake chochepa. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka ngati zitatu, amene sankachoka pachitenje chake. Tinkapatsana moni basi. Ndinkamuona masiku ena akutuluka m'mawa ndi kamtolo m'chiuno kulowera kumlatho, kumene magalimoto ochokera ku Namwera ankatsitsa anthu, ndipo ndinangoganiza kuti amakapemphetsa. Ankakondanso kuima chapatali kumandiyang'ana ndikuluka. Iye ankaona amayi akusiya zong'ambika m'dengu, pakapita masiku n'kuona amayi omwewo akutenga zinthu zokongola m'manja mwanga. Aliyense woonera patali akanaganiza zimene iye anaganiza.

Linali Lachisanu. Bambo a ana anatumiza mawu kuti sabwera sabata imeneyo. Wamng'ono ankamera mano, thupi lotentha, ndipo wapakati, mtsikana, anali atagwetsera sopo wanga womaliza m'chimbudzi. Ndinamva manja akuyabwa monga kale. Ndikakwiya chotero kuluka kumachedwa, chimene chimandithandiza msanga ndi kumasula, pakuti umangokoka ulusi n'kumaona mizere ikutha. Ndinapisa dzanja m'dengu n'kutenga chimene chinali pamwamba.

Inali juzi ya mwana, yokulungidwa m'kansalu koyera kochapa bwino, yopindidwa mosamala. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi chifukwa chimene sindinaimire pamenepo. Palibe amene amakulunga nsanza m'nsalu yochapa. Koma ndinangoona kuti makoswe anaidya m'munsi ndi pachigongono, kuti inkanunkha utsi, ndiponso kuti ulusi wake unali wabwino, wobiriwira, ndi wachikasu pachifuwa. Ndinaona kuti woluka wake sanali katswiri. Ndinadula msoko wa m'khosi n'kuyamba kukoka. Pamene kumzikiti ankaitanira pemphero la masana, juzi inali itatha, ulusi nditaukulunga pamiyendo ya mpando. Ndinauviika m'madzi ofunda, ndinaupachika pachingwe nditamangirira mwala kumunsi kuti uwongoke, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Pofika Lamlungu, wachikasu uja unali utasanduka kachipewa ka mdzukulu wa alandilodi, amene anali atangobadwa.

Mayi wa ku Mozambiki uja kunalibe masiku amenewo. Alandilodi anali atamutuma ku Nkope ndi anthu awo kukasenza nsomba. Anabwerera Lolemba, ndipo asanasambe n'komwe anafika pakhonde panga, anagwada n'kundipatsa moni. Ine ndinadikira kuti apemphe mchere kapena moto. Anasuzumira m'dengu, anatembenuza zimene zinalimo, anapeza kansalu koyera kaja kopanda kanthu. Kenaka maso ake anafika pamiyendo panga, pamene panali mipira iwiri ya ulusi wobiriwira.

Anatenga umodzi n'kuugwira ndi manja onse awiri. Sanalire. Anaununkhiza, ananena mawu ochepa m'Chiyao amene sindinawamve, anaubwezera pamiyendo panga, n'kunyamuka. Anayenda mpaka kukalowa m'kanyumba ka nsomba, mwana wake atamuiwala chiimire pakhonde panga. Ndinali ndisanaonepo mayi ameneyu akutaya mwana uja ngakhale mapazi awiri, ndipo apa m'pamene mantha anandigwira.

Posakhalitsa alandilodi anatulukira, manja ali mamba okhaokha, ndipo tsiku limenelo sanakweze mawu. Anakhala pansi pambali panga n'kundifotokozera zimene iwo ankazidziwa kalekale. Mayi uja anali ndi ana aamuna awiri. Mwamuna wake anatengedwa ndi amfuti kuti akawanyamulire katundu, osabwereranso. Tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa, iye anabereka wamng'onoyu n'kuthawira kudambo, wamkulu wa zaka zisanu n'kuthamanga ndi gulu lina kulowera kuphiri. Sanaonanenso. Anawo anali ndi majuzi awiri ofanana, owalukira mlongo wa bambo awo, ndipo m'mawa umenewo kunkazizira, onse anali atavala. Atawoloka malire, mayiyo anamuvula wamng'onoyu juzi yake, osamuvekanso ngakhale mwera uwombe chotani, kuopa kuti ingathe. Ndiyo inali m'kamtolo kaja. Ankapita nayo kumlatho, kumsika, ndi ku Namwera tsiku logawa ufa, kuitambasula pamaso pa ofika kumene n'kumafunsa ngati anaonapo mwana wovala yotere.

"Mawu okha sathandiza, mwana wanga," anatero alandilodi. "Aliyense akufuna mwana wamwamuna, wamsinkhu wotere, wakuda pang'ono. Mayi uja alibe chithunzi. Chithunzi chake inali juzi ija, ndipo anaisiya kuti mumusokere pamene panadya makoswe."

Ndimachita manyazi ndi yankho langa. Ndinadziteteza. Ndinati dengu langa aliyense amalidziwa, nanga iye analekeranji kutsegula pakamwa n'kunena. Alandilodi anandifunsa ngati m'miyezi yonseyi ndinamufunsapo mayiyo dzina lake. Dzinalo sindinkalidziwa. Iwo ananyamuka, analowa m'nyumba mwawo, ndipo anatuluka ndi kachipewa kachikasu kaja kali kofunda, atangokavula pamutu pa khanda. Anakaika pamiyendo panga n'kubwerera ku nsomba zawo.

Ndinaganiza kuti nkhaniyi ndithana nayo ndi luso. Ndinamasula kachipewa, ndinasonkhanitsa ulusi wonse, ndipo m'masiku anayi ndinaluka juzi monga ndinkaikumbukira: yobiriwira, mzere wachikasu pachifuwa, ndipo kaulusi kakhofi kamene kanatulukanso m'juzi ija ndinakaika m'khosi ndi kumapeto kwa mikono kuti kakongoletse. Inatuluka bwino, yoposa yoyamba ija, ndipo ndinali ndi kamtima konyadira pamene ndinkapita nayo kukanyumba ka nsomba. Ndinagwada, ndinapepesa m'Chichewa ndi m'Chiyao changa chothyokathyoka, n'kuipereka. Mayiyo anaitambasula, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuibweza.

"Si iyi, amayi," anatero. "Iyi mwana wanga sanavalepo."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kukula kwa chimene ndinachita. Ine amene ndimadziwa kuluka sindinaiyang'ane juzi ija, ndinangoona ulusi. Iye amene sankadziwa n'kugwira komwe sipoko ankaidziwa mzere uliwonse, poti anaitambasula kambirimbiri pamaso pa anthu. Panalibe njira ina koma kuti maso akhale ake, manja akhale anga. Alandilodi anamumasula ku ntchito masana alionse, ndipo ankabwera kudzakhala pamkeka pambali panga, ana athu anayi akusewera limodzi pabwalo. Tsiku loyamba lenilenilo ndinamufunsa dzina lake, ndipo anandiuza. Sindililemba pano.

Anatenga kamtengo n'kujambula pansi. Chachikasu chija sunali mzere wowongoka, unali wokhotakhota ngati mano a sowo. Manowo anali asanu ndi awiri kutsogolo, koma lachinayi linali lalifupi ndi lopendekeka, pakuti woluka uja anasokoneza kuwerenga pamenepo, ndipo analakwitsa chimodzimodzi pa majuzi onse awiri. Khosi linali lalikulu mopitirira, lotsetsereka paphewa. Ndipo ulusi wakhofi uja sunali wokongoletsera ayi. Wobiriwira unamuthera mlamu wake wolukayo, ndiye mkono wakumanzere, kuyambira pachigongono kutsika, anamalizira ndi wakhofi, pa juzi ya wamkulu ndi ya wamng'ono yomwe.

Sindinkadziwa kuti kulakwitsa dala n'kovuta chotero. Manja anga ankakonza okha zimene ndinkafuna kuti zikhote. Ndikafika pa dzino lachinayi ndinkapeza laima bwinobwino ngati anzake, iye n'kugwedeza mutu, ine n'kumasula. Ndinamasula chifuwa chokhacho katatu. Ulusi ukamasulidwa kawirikawiri umatopa, umayamba kupyapyala ndi kuduka, ndipo ndinkaulumikiza ndi timfundo tobisa mkati uku ndikuopa kuti tsiku lina udzangoyoyoka m'manja mwanga. Panalibe kwina kokautenga. Ngakhale ukanapezeka kusitolo, watsopano sukanafanana ndi wosuluka ndi dzuwa ndi utsi uja.

Masabata amenewo kuluka kunasiya kundipatsa mtendere. Ndinkaluka ndili ndi mantha, munthu akuyang'ana zala zanga, ndipo sabata iliyonse imene inkapita ndinkadziwa kuti magalimoto atsitsa anthu kumlatho iye osakhalako. Mwina mwa anthu amenewo munali wina amene anamuona mwanayo. Maganizo amenewa ankandidya, ndipo ukali wanga unabwerera wonse.

Tsiku lina ndinalowa m'nyumba kukamuyamwitsa wamng'ono. Potuluka ndinapeza mwana wanga wamkazi atatenga mpira wa ulusi wachikasu, akuuzunguliza pamtengo wa papaya, masitichi a mzere wathunthu atagwa pasipoko. Sindikumbukira kuti ndinafika bwanji pamene anali. Ndikukumbukira dzanja langa lili m'mwamba, ndi dzanja lina, lokhakhala ndi mchere wa nsomba, litandigwira pamkono. Mayiyo sanandigwire mwamphamvu. Anangondigwira.

"Achemwali, musiyeni," anatero. "Ali pano."

Anamunyamula mwanayo n'kumukhazika pamiyendo pake, ndipo anayamba kumasula ulusi pamtengo paja pang'onopang'ono. Ine ndinalowa m'nyumba n'kulira, nditatseka pakamwa ndi chitenje kuti ana asamve. Aka kanali koyamba kunditchula achemwali, ndipo anatero ine ndili wolakwa kawiri. Kuyambira tsiku limenelo sindinamenyenso mwana wanga aliyense. Ndinkakalipa ndithu, ndimakalipabe, koma dzanja likati likwere ndinkamva mawu awiri aja akuti ali pano.

Juzi inatha patapita masabata asanu. Inafupika ndi zala ziwiri chifukwa cha ulusi umene makoswe anadya, koma dzino lachinayi linapendekeka, khosi linatsetsereka, mkono wakumanzere unali wakhofi. Inali juzi yoipa kuposa zonse zimene ndinalukapo. Mayiyo anaitambasula pamkeka, anaisisita, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndi iyi." Anangodandaula kuti ikununkha sopo wanga, ndipo anakaipachika masiku awiri m'khitchini ya alandilodi kuti utsi uilowe. M'mawa wotsatira anaikulunga m'kansalu koyera kaja n'kulowera kumlatho.

Panapita miyezi yambiri. Mvula inabwera n'kupita, mwera unayambanso. Iye ankapita ndi kubwera, ndipo ndinasiya kumufunsa pobwera, pakuti nkhope yake inkayankha ali patali. Masana opanda ntchito ankabwerabe pakhonde panga ngakhale panalibe choluka chake. Ankandigwirira ulusi m'manja ine ndikukulunga, ankandiphunzitsa Chiyao n'kumaseka katchulidwe kanga. Kuluka kunayambanso kundikoma.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku Namwera dzuwa lili pamutu, ali ndi bambo wina wachikulire, wovala kapu yoyera yothaitha, wonyamula mikeka yogulitsa. Anamukhazika pamthunzi, anaitana alandilodi, anandikodola inenso. Anati akufuna kuti amve kachiwiri pali anthu, chifukwa yekha sakudzikhulupirira. Alandilodi anawapatsa bambowo tiyi, ndipo iwo anayamba kulankhula m'Chiyao, modekha, juzi ili pamaondo awo. Zimene sindinamve alandilodi anandimasulira pambuyo pake.

Bambowo anati anaizindikira ali pamzere wa ufa, chifukwa cha mkono wakhofi uja. Mwana wovala juzi yofanana nayo analowa m'gulu lawo kuphiri, yekha, ndipo akazi awo anamutenga ngati wawo. Anayenda naye masiku ambiri m'tchire. Ankakonda kuyamwa nsonga ya mkono wakhofiwo akamagona, ndipo ankatchula mayi ake ndi mng'ono wake. Bambowo anatchula dzina la mng'onoyo, ndipo linali lomwelo la mwana amene anali chiimire pambali pathu. Kutatsala masiku awiri kuti afike kumalire, mwanayo anatsegula m'mimba, ndipo sanachedwe. Bambowo anamusambitsa okha monga chimafunira Chisilamu. Nsanda panalibe, ndiye anamukulunga m'chitenje cha akazi awo, juzi yake n'kumuikira pambali, ndipo anamuika m'mbali mwa kamtsinje atamupempherera.

Alandilodi ananena mawu amene Asilamu amanena akamva za imfa, ndipo mayiyo anawabwereza. Kenaka analira. Chilowereni pabwalo pathu ndinali ndisanamvepo kulira kwake, ndipo amayi onse apamdadada anatuluka m'nyumba zawo n'kudzakhala pansi momuzungulira, ngakhale aja ankadandaula za nkhuni limodzi ndi ine.

Ine mtima wanga unapita kwina. Ndinkangoganiza kuti akanalandira juzi yanga yoyamba ija, yokongola, ya mikono yofanana, bambo uja akanangoidutsa, ndipo mayiyu akanakhalabe ndi mwana wamoyo m'maganizo mwake. Ndinamasula chithunzi chake, ndiye pochikonza ndinamulukira uthenga wa maliro. Ndinasunga zimenezi masiku angapo, kenaka ndinalephera kupirira, ndinamuuza tili awiri pamkeka. Iye ankasankhula timiyala mu mpunga.

"Achemwali," anatero, "ine chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti mwina ali moyo kwinakwake, akundiitana, ine osamva. Tsopano ndamuona munthu amene anamusambitsa."

Anachita sadaka pabwalo pathu pomwepo. Alandilodi anapereka mpunga ndi nsomba, anaitana ashehe, ndipo bambo wa mikeka uja anatsikanso kuchokera ku Namwera kudzakhala nawo. Ine wa kumpingo ndinafunda mpango kumutu n'kumatunga madzi ndi kutsuka mbale. Mwana amene sindinamuonepo ndinamulira ngati ndinamubereka, pakuti juzi yofanana ndi imene anavala, mzere ndi mzere, inali itadutsa m'zala zanga. Zitatha izi mayiyo sanapitenso kumlatho, ndipo juzi ija sindinaionenso kwa zaka zingapo.

Nkhondo itatha, kunabwera magalimoto otenga anthu kubwerera kwawo. Iye anaganiza zopita, ati akaone ngati munda wawo ulipo, mwana wake wotsalayo akadziwe kwawo. Mwanayo anali atakula, akulankhula Chichewa kuposa ana anga. M'mawa wa tsiku lonyamuka anabwera pakhonde, katundu ali kale pamutu, ndipo ndikuona ndi maso anga anaponya chinthu m'dengu, monga ankachitira amayi ena. Inali juzi ija. Sinali yokulungidwa m'nsalu, sinali yopindidwa.

Ndinaitulutsa msanga n'kumufunsa ngati akukumbukira ntchito ya dengu limeneli. Anati akuikumbukira bwino. Ndinamuuza kuti apite nayo, kapena ndimusungire mpaka adzabwere. Anakana, n'kuloza ndi mlomo khomo lachitatu, kumene kunali mtsikana wina woyembekezera, wotsala pang'ono.

"Yagwira ntchito yake," anatero. "Mwana akubwera uyo, ndipo mwera wayandikira. Masulani, achemwali. Lero ndanena ndi pakamwa."

Tinamuperekeza mpaka pamlatho, ine ndi alandilodi. Sindinamuonenso, ndipo sindidziwa ngati anaupeza munda uja.

Ndinaisunga juziyo masiku atatu ndisanaikhudze. Tsiku lachinayi masana ndinadula msoko wa m'khosi. Ulendo uno ndinakoka pang'onopang'ono, ndikuyang'ana mano aja akutha limodzilimodzi, lachinayi lopendekeka lija pamodzi ndi anzake. Ulusi unali utatheratu mphamvu, wambiri unangoduka n'kutayika. Wachikasu unakwana kachipewa. Wobiriwira wolimba unakwana kasokosi kamodzi ndi theka, ndiye n'kuthera pomwepo. M'dengu munali ulusi wina wobiriwira wa majuzi a anthu ena, woti ukanafanana pang'ono, koma ndinatenga wakhofi uja n'kumalizira.

Mtsikanayo atabereka ndinakapereka. Anaseka ataona timasokosi tosiyana, ati manja a amayi a ku Dedza ayamba kukalamba, ndipo amayi ena anaseka naye. Sindinafotokoze. Alandilodi anali pomwepo, anatenga kaphazi ka khandalo, anakayang'ana, anasisita pamene pankayambira ulusi wakhofi, n'kukabwezera m'shawelo. Mwanayo anapita nato kusikelo mwezi wonse wa mwera, mpaka mapazi anakula.